Chitseko Chimene Ndinacheka Pakati

Esinati, Dalitso, ndi iwe Mwayi, za ubwana wanga ku Chimaliro mukuzidziwa kale, poti azakhali anu anakuuzani zambiri kuposa zimene zinachitikadi. Pano ndilemba za ntchito. Ndagwira zaka makumi atatu ndi chimodzi pa esiteti imodzi ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo pa pepala analemba kuti ndine kalipentala. Zambiri zimene ndinakonza m'zaka zimenezo ndinaziiwala. Zitseko za magalaja zokha ndi zimene ndikukumbukira chimodzichimodzi.

Chaka choyamba

Ndinalowa ntchito mwezi wa Meyi, nditakhoza Fomu 4 ndi kuphunzira za matabwa zaka ziwiri kwa amishoni. Anandiika m'gulu lokonza nyumba za mabwana. Nyumbazo zinalipo khumi ndi zinayi, ndipo tinkazitchula ndi manambala. Zinamangidwa nthawi ya atsamunda, pamwamba pa zitunda pomwe mphepo imafikira poyamba, iliyonse ili ndi chumuni chake ndi galaja yake chapambali. Zitseko za magalajawo sizinali zotsegukira kumbali ngati za m'nyumba. Galaja iliyonse inali ndi chitseko chimodzi chachikulu cha matabwa a mlombwa, cholemera moti amuna anayi sakanachinyamula, chimene chinkatsegukira m'mwamba n'kukagona pansi pa denga. Chinkakwera ndi zingwe ziwiri zachitsulo, china uku china uku. Chingwe chilichonse chinkadutsa pa kagudumu, ndipo kumapeto kwake kunkalendewera mwala wa simenti. Mwala ukamatsika, chitseko chimakwera. Chingwe chikaduka chitseko chili m'mwamba, kulemera konseko kumabwera pansi kamodzi, pamene paima wotsegula.

Kapitawo wathu anali a Mpasula, bambo wamfupi wosaseka wamba, amene sanapite kusukulu koma ankayeza thabwa ndi diso osaphonya. Ine anandipatsa dzina loti Fomu Folo. Mwezi wanga wachiwiri chiperoni chinabwera. Munakulira momwemo, mukuchidziwa: nkhungu yophimba minda yonse ya tiyi, kamvula kosamveka pa malata koma konyowetsa mpaka mkati, masiku atatu kapena asanu dzuwa osaoneka. A Mpasula ankati mphepo imeneyi imachokera ku Mozambiki komwe anachokera makolo athu, ndiye imabwera kudzaona ngati tikudya bwino kuno. Nthawi imeneyo matabwa amamwa chinyontho n'kufufuma, ndipo madandaulo ankafika ku wekishopu motsatizana. Tsiku lina ananditumiza ndekha ku Nambala 9. Ndinapeza chitseko chikukhula m'mbali. Ndinatenga pulena n'kuchipala mpaka chinayenda, ndipo ndinabwerera ndikudzimva.

"Wachitako chiyani, Fomu Folo?" anandifunsa a Mpasula.

"Ndachipala, bambo. Chikuyenda bwinobwino."

"Wachotsa thabwa lochuluka bwanji?"

Ndinawaonetsa ndi chala.

"Chabwino. Dzuwa likadzatentha udzapite wekha ukawauze adona chifukwa chake njoka zikulowa m'galaja mwawo. Chizungu uli nacho, sudzavutika."

Mwezi wa Okutobala matabwa aja anauma n'kubwerera m'malo mwake, ndipo m'mbali mwa chitseko munatsala mpata wolowa dzanja langa. Njoka sinalowe, koma makoswe analowa n'kudya mpando wa galimoto. Ndinapita ndekhadi kukafotokoza. Kuyambira pamenepo thabwa lofufuma sindinalipalenso. Umalipaka kandulo m'mbali, n'kudikira dzuwa.

Anandiphunzitsanso zinthu ziwiri. Choyamba, chingwe chachitsulo suchiyeza ndi maso, chifukwa nkhungu imachidya kuyambira mkati, kunja chikuoneka chabwino. Umachigwira ndi kansanza n'kutsetsereka nako. Kansanza kakakodwa, ndiye kuti timawaya tayamba kuduka. Chachiwiri anandiuza tikutsika chitunda cha Nambala 3, mabokosi a zida ali pamapewa. "Ukafika pa nyumba usayambe ndi bwana. Bwana chitseko sachigwira, amangoliza hutala. Funsa mlonda. Phewa lake ndi limene likudziwa."

Chaka cha 9 mpaka cha 16

A Mpasula atapuma, ukapitawo anandipatsa ine. Unabwera ndi nyumba ya zipinda ziwiri pafupi ndi fakitale, ya mpopi panja, sukulu ili kutsidya kwa msewu. Dalitso ndi Mwayi munabadwira m'nyumba imeneyo. Mabwana ndinaona ambiri. Panali mzungu wina amene ankakonda kubwera ku wekishopu Loweruka kudzatithandiza, ndipo Lolemba tinkayamba ndi kukonza zimene watithandizazo. Panali wina amene anakhala zaka zinayi osadziwa dzina la aliyense wa ife, tonse ankatiitana kuti kalipentala, ngakhale okonza mipopi. Kenako nyumba zija zinayamba kukhalamo mabwana achikuda anzathu. Ena mwa iwo anali abwino kuposa azungu, ena ayi. Zitseko sizinasinthe, ndipo ozitsegula anali alonda omwewo.

Vuto la zaka zimenezo linali zipangizo. Zingwe za saizi yathu zinkachokera kunja kwa dziko, ndipo panafika nthawi imene katundu wakunja anasiya kufika. Ndikapita ku sitolo ya esiteti, wosunga katundu ankayankha ndisanamalize kufunsa: "Zili m'njira, a Namaona." Njira imeneyo inali yaitali, chifukwa zinayenda zaka zisanu osafika. Zingwe za ku fakitale zinali zonenepa, sizinkalowa pa timagudumu tathu. Girizi atasowa tinkasakaniza oyilo wakale wa thirakitala ndi kandulo wosungunula. Nyumba ikakhala yopanda munthu, tinkamasula zingwe zake n'kukaika kwina. Tinatero ku Nambala 11, ku Nambala 13, kenako ku Nambala 6, mpaka kunalibenso komasula. Zitseko za nyumba ziwiri mwa zopanda anthuzo ndinazigawa pakati, ndi chilolezo, n'kuziika pa mahinjesi kuti zizitsegukira kumbali, ndipo zinayenda bwino. Ndinalemba kalata ku ofesi yopempha kuti tichite chimodzimodzi ku nyumba zonse. Ndinafotokoza kuti zingwe zotsalazo n'zokalamba, ndipo tsiku lina zidzapweteka munthu. Yankho linali la mawu amodzi, lolembedwa ndi pensulo pakona pa kalata yanga yomwe: tidzaona.

Chaka cha 17, Julaye, Lachiwiri

Nthawi imeneyi mkulu wa esiteti yonse anali bwana amene tinkamutchula kuti Pompano, chifukwa lamulo lake lililonse linkatha ndi mawu amenewo. Ndinene zoona, sanali munthu wankhanza. Ankafika m'minda anthu asanafike, ndipo chipatala cha pa esiteti chinafoleredwa bwino m'nthawi yake. Koma sankafuna kumva mawu oti sizitheka. Ankakhala ku Nambala 1, ndipo chitseko cha galaja ya kumeneko chinali chokongola kuposa zonse: matabwa otakata a mlombwa wakale, misomali ya mitu yamkuwa yondandalikidwa bwino, vanishi wowala. Alendo akabwera ankawajambulitsa pamenepo.

Mlonda wa pa nyumbayo anali a Jamisoni, bambo wa ku Kapichi wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, amene tinkapemphera nawo mpingo umodzi. Lachiwiri limenelo, chiperoni chili pa tsiku lachitatu, anabwera okha ku wekishopu. Alonda sankachita zimenezo, madandaulo ankayenera kudzera kwa bwana. Anandikokera kuseri kwa mulu wa matabwa n'kuyamba kuyankhula m'Chilomwe kuti anzanga ena asamve.

"Chitseko chija chandikulira, achimwene. Kale ndinkachikankha ndi manja. Tsopano ndimalowa pansi pake n'kuchikweza ndi phewa, ndiye ndimachigwirira choncho mpaka galimoto itadutsa."

"Kuyambira liti?"

"Sabata yachitatu ino. Ndiye chikumalira mbali ya kumanzere, kuti the, the, ngati munthu akuthyola udzu wouma. Koma musanene kuti ndakuuzani ndine. Anganene kuti ndakalamba."

Ndinapita nawo. Kansanza kanakodwa malo anayi pa chingwe cha kumanzere. Nditachipinda pang'ono, mkati munatuluka fumbi lofiira la dzimbiri. Cha kumanja chinali chisanayambe kuduka, koma chinali cha zaka zomwezo. Chinyontho chinali chitawonjezeranso kulemera kwa matabwa. Ndili pamakwerero choncho, bwana anatulukira atavala jasi.

"A Namaona, mwabwera bwino. Chitsekochi chikuchedwetsa. Lachisanu ndikubwera ndi eni kampani, adzagona kuno. Ndikufuna chiziyenda."

"Bwana, chingwe chatha. Chatsala pang'ono kuduka, ndipo china tilibe."

"Lumikizani. Dulani poipapo, mumange ndi waya."

"Sichili poipa pamodzi, bwana, chawola chonse. Mfundo sidutsanso pa kagudumu. Ndikupempha kuti mundilole ndichigawe pakati, chizitsegukira kumbali ngati cha ku Nambala 11."

Anandiyang'ana ngati ndanena kuti ndiwotche nyumba. "Mucheke chitseko ichi? Chitseko chimene chakhala pano inu musanabadwe?"

"Kapena galimoto izigona panja mpaka zingwe zitabwera."

"Galimoto ya kampani igone pa nkhungu chifukwa kalipentala akuopa waya? A Jamisoni! Chitsekochi chikukuvutani?"

A Jamisoni anavula chipewa. "Ayi bwana, n'kuzizira chabe."

"Mwamva. Mawa m'mawa ndikupita ku Blantyre. Ndikabwera ndipeze mwamanga. Ngati simungathe, nenani, ndiitane makaniko a ku mathirakitala, amenewo sachita mantha ndi waya. Pompano, a Namaona."

Nditaweruka ndinapeza amayi anu akuyanika zovala pa chingwe m'khonde, poti panja sizikanauma. Ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera osasiya ntchito.

"Ndiye kanani basi," anatero. "Nenani kuti simungathe. Akalipa, mawa aiwala."

"Ndikakana, makaniko amanga. Dzina langa likhala loyera, koma a Jamisoni azilowabe pansi pake m'mawa ndi madzulo."

"Nanga mukufuna kutani, bambo a Esinati?"

"Ndichicheke iwo ali ku Blantyre. Chikakhala pawiri palibe amene angachikolekenso pa chingwe."

Anaima atagwira malaya onyowa. "Mukudziwa kuti nyumba ino si yanu? Mukudziwa kuti Esinati chaka chamawa akulemba mayeso a Sitandade 8, ndipo sukulu yake ndi iyo ikuonekayo? A Jamisoniwo ndi abale anu?"

"Si abale anga. Koma anabwera kudzandiuza, ndipo ndachigwira ndekha chingwecho. Chikadzagwa sindidzatha kunena kuti sindinkadziwa."

Anapitiriza kuyanika. Anamaliza ndowa yonse osandiyang'ana. Kenako anati, "Ine sindikuvomereza, mumve bwino. Koma ngati mucheke, mucheke mowongoka. Asadzanene kuti anakuchotsani chifukwa cha ntchito yokhota."

Lachitatu ndi Lachinayi

Galimoto ya bwana itangotsika chitunda, ndinayamba ndi kwa a Matiyasi, osula zitsulo a ku wekishopu. Ndinawapempha mahinjesi asanu ndi limodzi aatali, osulidwa kuchokera ku masipuling'i a ngolo yakale. Anandifunsa kuti ndi a nyumba iti. Nditawauza, anaika hamala pansi.

"Bwana akudziwa?"

"Akudziwa kuti ndinapempha."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anakana."

A Matiyasi anaseka mpaka kutsokomola. "Ine ndikusula mahinjesi a khola la ng'ombe. Mukawaika kwina n'zanu. Koma mukadzachoka mudzandisiyire vayisi yanu yopanira zitsulo ija."

Akalipentala anzanga awiri ndinawatumiza ku chigawo china kukakhoma mawindo, kuti mlanduwu usawakhudze. Pa kadi la ntchito ndinalemba dzina langa lokha. Inali nyengo yodulira tiyi, ndiye ndinapempha kapitawo wa m'munda wapafupi kuti andibwereke amuna asanu ndi mmodzi kwa ola limodzi. Chitseko chili chotseka, tinachichirikiza ndi mitengo ya bulugamu, kenako tinachirikizanso miyala ya simenti ija kuti isagwe, ndipo ndinamasula zingwe. Tinachigoneka pa mabenchi m'galaja momwemo. Amuna aja atabwerera kumunda, ndinatsala ndi a Jamisoni.

Ndinayeza pakati katatu. Ndinalemba mzere ndi pensulo, kenako ndinaubwereza ndi mpeni. Sindinganame, sowo ili m'manja ndinaima nthawi yaitali. Amene anapanga chitseko chimenecho anali mmisiri woposa ine. Matabwa anawalumikiza moti ngakhale nsonga ya mpeni sinkalowa, ndipo mlombwa wotakata choncho sudzapezekanso. Mpaka pamenepo ndikanatha kuchibwezera, n'kukauza bwana kuti ndalephera. Ndinayang'ana phewa la a Jamisoni. Jasi lawo linali litaperepeseka mbali ya kumanja yokha, pamene pankakhala thabwa. Ndinaika sowo pa mzere.

Utuchi wofiira utayamba kugwa, a Jamisoni anagwira kumutu. "A Namaona, mwatipha tonse awiri."

"Inu simunagwire sowo. Akakufunsani, munene zimene mwaona basi."

Kucheka kunanditengera mpaka masana, chifukwa thabwa lonyowa limagwira sowo, ndipo ndinkaima kawirikawiri kuipaka kandulo. Manja anachita dzanzi ndi kuzizira. Lachinayi ndinakhoma mitanda yopingasa kumbuyo kwa mbali iliyonse kuti isadzaweramire pansi, ndinalimbitsa mafelemu ndi mabawuti olowa m'khoma, ndipo amuna a kumunda aja anabweranso kudzandithandiza kukoleka. Ndinazikoleka mothinana dala, podziwa kuti matabwa ali ofufuma ndipo adzabwerera okha dzuwa likatentha. Pa mzere wapakati ndinakhomapo kathabwa kophimba, ndipo misomali yamkuwa imene ndinazula ndinaibwezera pamenepo. Pocheka ndinapaka vanishi. Zingwe ziwiri zija ndinazidula zidutswazidutswa ndi chizulo. Chidutswa chimodzi chowola ndinachikulunga m'nyuzipepala n'kupita nacho kunyumba.

Lachisanu ndi Lolemba lotsatira

Ine sindinalipo pamene bwana anafika ndi alendo. Ophika a pa nyumbayo ndi amene anandiuza kuti analiza hutala, zitseko n'kutsegukira kumbali, ndipo anakhala m'galimoto osalowa mpaka mlendo wina anawafunsa ngati pali vuto. Pamaso pa alendo sananene kanthu. Madzulo a tsiku lomwelo mesenjala anandibweretsera kalata yondiimitsa ntchito ndi kundiitana ku ofesi Lolemba.

M'chipindamo munali bwana, mkulu woona za antchito, ndi nthumwi ya bungwe la antchito. Mlandu unali wosamvera lamulo ndi kuwononga katundu wa kampani. Anandifunsa ngati ndikuvomera kuti bwana anandiletsa. Ndinavomera. Anandifunsa ngati ndinacheka. Ndinavomera. Kenako ndinafunyulula nyuzipepala ija n'kupereka chidutswa cha chingwe kwa mkulu woona za antchito. Anachipinda ndi manja ake a mu ofesi, ndipo timawaya tinathyoka, fumbi lofiira n'kugwera pa mapepala. Anapukuta ndi mpango. Ndinawakumbutsanso za kalata yanga yakale ija, ndipo anaipeza m'fayilo, pensulo idakaoneka pakona.

"Nkhani si chingwe," anatero bwana. "Nkhani ndi yakuti pa esiteti pano pali wolamula. Aliyense akamachita zimene akuganiza ine ndikangotembenuka, mawa wina adzagumula khoma la fakitale. Munthu wotsegula chitsekocho sanadandaule. Muitaneni."

A Jamisoni analowa atagwira chipewa ndi manja awiri. Mkulu woona za antchito anawafunsa mofatsa. "Bambo, chitseko chakale chija chinkakuvutani?"

Anayang'ana pansi. "Chinkayenda, bwana."

"Munakadandaulapo kwa a Namaona?"

"Ayi, bwana. Ine ndimangotsegula."

"Chinkakulemerani?"

"Ine mphamvu ndili nazo, bwana. Ntchito ndikuitha."

Nthumwi ya bungwe inandiyang'ana kuti ndiyankhe. Ndikanatha kunena za kuseri kwa mulu wa matabwa, ndi mawu onse amene anandiuza m'Chilomwe. Ndikanatha kupempha kuti aone jasi lawo. Koma mlonda amene wadumpha bwana wake kukadandaula kwina, ndiponso amene wavomera kuti ntchito ikumulemera pa msinkhu umenewo, sakanafika nayo Khirisimasi. Kunyumba kwawo ankadyetsa adzukulu anayi. Ndinati, "Ndinapita ndekha kukayendera chitseko, monga mwa ntchito yanga." Mtima unandiwawa kwambiri.

Chigamulo chinabwera Lachitatu. Sanandichotse ntchito, chifukwa cha kalata yakale ija ndiponso chifukwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndinalibe mlandu. Koma anandichotsa ukapitawo, n'kunditumiza ku chigawo chakutali cha mbali ya ku Luchenza, kukakonza nyumba za antchito. Nyumba ya pafupi ndi fakitale ndinapatsidwa masabata awiri kuti ndituluke.

Ogasiti, chaka chomwecho

Zotsatira zake munazisenza ndinu, ndiye ndizilemba osachepetsa. Nyumba yatsopano inali ya chipinda chimodzi ndi pabalaza, madzi okatunga kumtsinje. Sukulu inali ulendo wa ola lathunthu, ndipo Esinati unabwereza kalasi. Sunandifunsepo chifukwa chake, koma ndinkaona mmene unkayang'anira anzako akale tikakumana nawo ku msika wa ku Luchenza. Ukapitawo sunabwererenso kwa ine. Patapita zaka zinayi, bwana wina atabwera, anandiitana kuti ndikagawe zitseko za nyumba zina zonse, ndipo ndinazigawa ndili kalipentala wamba, wondilamula ali mmodzi wa anzanga awiri amene ndinawatumiza kukakhoma mawindo aja. Palibe amene ananenapo kuti ndinalondola. Palibenso chitseko chimene chinagwera munthu, choncho sindingakuonetseni umboni. Mwina chingwe chomangidwa ndi waya chikanapirira chaka china. Ine ndinachigwira m'manja, ndipo sindinkakhulupirira kuti chipirira mwezi. Bwenzi nditachekabe lero.

Tsiku losamuka, thirakitala ya esiteti inabwera ndi ngolo m'mawa. Chiperoni chinali chitatha, dzuwa likuwala pa tiyi wodulidwa. Anansi anatithandiza kukweza mabedi ndi matumba a chimanga. Tinatsala ndi kabati yaikulu ya mbale ija, imene ndinawapangira amayi anu titangokwatirana. Tikuganiza za kanyamulidwe kake, ndinaona munthu ataima pa mtengo wa mapeyala kumapeto kwa bwalo. Anali a Jamisoni. Anali atangoweruka, ndipo m'malo mopita kwawo ku Kapichi anadzera kwathu. Chiyambire tsiku la mlandu ankandizemba, ngakhale ku tchalitchi.

Amayi anu anawaona. "Mwabwera kudzaona ngati tikuchokadi, a Jamisoni? Tikuchoka. Mukawauze abwana anu kuti zonse zikuyenda."

"Mayi," anatero a Jamisoni.

Anayenda n'kudzaima kumapeto kwa kabati. Anawerama, n'kuika phewa pansi pake. Ndinawauza kuti asiye, pali anyamata, koma sanamve. Ndinagwira mbali inayo, ndipo tinaikweza awiri mpaka pa ngolo. Anaimanga okha ndi chingwe, mfundo zitatu, n'kuigwedeza kuti aone ngati yalimba. Amayi anu anakwera kutsogolo ndi Mwayi.

Ndinatsala pansi ndi iwo. Ankapotokola chipewa m'manja.

"Achimwene, tsiku lija mu ofesi muja..."

"Ndikudziwa. Zisiyeni."

"Ayi, ndinene. Ndinaona mpando wa bwana, ndinaona adzukulu anga, pakamwa panayankha pokha."

"Ndati ndikudziwa. Ndiuzeni za chitseko. Chikukhula pakati?"

"Chinkakhula sabata yoyamba. Dzuwali litabwera chamasuka."

"Musalole munthu achipale. Mahinjesi muzithira oyilo kamodzi pa mwezi, makamaka apansi."

Anagwedeza mutu. Woyendetsa thirakitala analiza injini, ndipo ndinakwera pa ngolo n'kukhala pa thumba la chimanga pakati pa Esinati ndi Dalitso. Tikunyamuka, a Jamisoni anayenda nafe mapazi angapo, atagwira m'mbali mwa ngolo.

"A Namaona!" anakuwa kuti ndimve pa phokoso la injini. "Dzulo ndinatsegula ndi dzanja limodzi. Linalo ndinagwira kapu ya tiyi, ndipo sanatayike."